Silabu ya Khonsolo Ikuyenda Kuposa Amayi Anga

Kwa Bwana Woyang'anira Tsamba la Khonsolo pa Intaneti,

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada pansi polemba kalatayi. Pepani kuti ndadzera m'nyuzipepala ngati mwana wopanda mwambo. Ndikanalemba pa tsamba lanu lija, koma kwa masabata awiri tsopano ndikati ndiikepo ndemanga, foni ikumandiuza kuti sindikuloledwa. Ndikukhulupirira kuti chala chanu chinangoterereka. Zimachitika, bwana. Amalume anganso anaterereka, koma zimenezo ndifika nazo.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndimasita zovala kwa atelala a mumsewu mwathu, ndipo ndikalankhula mawu khumi pa tsiku anthu amati lero walongolola. Kalatayi ndaikopera katatu kuti musapezemo chokukhumudwitsani.

Pakati pa khomo lathu ndi msewu pali ngalande imene khonsolo inakumba chaka chatha, yondilekeza m'chiuno. Amayi anga anafa ziwalo mbali imodzi. Amayenda pa chikuku, ndipo Lachinayi lililonse amayenera kukachita mafizo kuchipatala. Chikuku sichidumpha ngalande. Ndiye ndati ndikuthokozeni pa zonse zimene tsamba lanu latichitira.

1. Zikomo poyankha msanga. Ndinakulemberani kasanu ndi kawiri, ndi chithunzi cha ngalandeyo. Ulendo uliwonse munayankha ndisanaphethire n'komwe, kuti maganizo anga ndi ofunika kwa inu, n'kuikapo kamtima kofiira. Ngakhale tsiku limene ndinadina chilembo cha "k" mwangozi, nditapsa ndi simbi, munati maganizo amenewonso ndi ofunika. Palibe mwamuna amene anandipatsapo mitima yochuluka chonchi. Atelala akuti ndikufunseni ngati muli nane cholinga kapena mukungonditayitsa nthawi.

2. Zikomo potifunsa maganizo. Munafunsa kuti ntchito za khonsolo tikuziona bwanji, n'kutipatsa mayankho awiri oti tisankhepo: "Zabwino" ndi "Zabwino kwambiri." Ndinatsitsa tsambalo mpaka pansi kufuna yankho lachitatu, ndinangopeza chithunzi cha bwana wamkulu akudula keke. Ndinasankha "Zabwino," poti pa mayankho awiriwo ndi limene linali ndi bodza lochepa.

3. Zikomo kwambiri chifukwa cha Lachiwiri lija. Inabwera lole itanyamula chisimenti chophwatalala chija mumati silabu. Anatsika amuna anayi ovala maovolosi atsopano, mizere yopindira ikuonekabe. Ine za mizere ndimazidziwa. Anayala silabuyo pa ngalande, wojambula n'kutiika pamzere. Amayi anawakankha mpaka pakati, ndipo bambo wina wa suti anagwira chikuku ndi zala ziwiri, nkhope ataloza ku kamera. Amayi analira, bwana. Kwa miyezi isanu ndi inayi anali asanafikepo pamsewu popanda kunyamulidwa ngati thumba la makala. Titawabwezera m'nyumba, amayiwo anandituma kuti ndipatse alendo madzi akumwa. Ndinatsuka makapu kawiri. Potuluka ndinapeza silabu yakwera kale lole, ikukhota pa golosale. Madzulo ake munaika chithunzi chathu, pamwamba mutalemba kuti: "Mwadandaula, tamva, tachita!" Anthu oposa mazana anayi anaikapo zala zoloza kumwamba.

4. Zikomo potilola kuitsatira silabu yathu pa maulendo ake. Ndi yosasowa: ngodya imodzi ndi yobenthuka, ndipo ili ndi mapazi atatu a nkhuku imene inapondapo simenti isanaume. Lachitatu ndinaiona pa tsamba lanu ili kuseri kwa msika. Lachisanu inali pa sukulu ya mkaka, ana akuwomba m'manja. Loweruka inali pachigayo. Zithunzi zonse ndinazikulitsa ndi zala, n'kuwerenga mapaziwo: atatu, atatu, atatu. Apo m'pamene ndinalemba mwaulemu wonse kuti nkhuku imeneyi ikuyenda kuposa amayi anga. Anthu makumi asanu ndi limodzi anaseka, ena n'kuyamba kuika zithunzi za ngalande zawo zili yasa. Kenako chala chanu chija chinaterereka, ndemanga zonse n'kusowa, ine n'kutsekeredwa kunja.

5. Apa ndasowa pothokozera, komabe ndiyesa. Masabata awiri apitawo tinanyamula amayi monga mwa masiku onse, ine kumiyendo, amalume kumapewa. Kunali kutagwa mvula. Amalume anakhalira m'ngalande, msana n'kulira ngati nkhuni youma. Amayi ndinawagwira ndi diresi, sanafike m'madzi. Lero m'nyumba muli odwala awiri, chikuku chimodzi, wonyamula ine ndekha. Aneba amuna amalawirira kuntchito, ndipo atelala ndi okalamba, chimene anganyamule ndi sizasi. Choncho amayi ajomba kawiri ku mafizo. Anamwino anena kuti akajomba kachitatu malo awo apereka kwa wina, poti odikira ndi ambiri. Dzanja lawo lamanja linali litayamba kugwira kapu. Akasiya, liiwalanso. Azakhali anga, amene anaona chithunzi chija pa foni, akuuza abale onse kuti ndine mlesi: mlatho mwapatsidwa, mukufunanso khonsolo izikukankhirani chikuku? Zikomo, bwana, pondidziwitsa kwa abale.

Dzulo munalemba kuti mukufuna nzeru za momwe khonsolo ingamayankhulirane bwino ndi anthu pa intaneti. Ine nzeru ndilibe zambiri. Ndikungoganiza kuti kuseri kwa kamtima kofiira kuja mutaikako munthu wamoyo, woti akhoza kuwerenga mpaka kumapeto n'kuchita manyazi, zingathandize. Komanso mukajambula chinthu, muzichisiya pomwepo.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikuti mutipatse silabu yathuyathu, ndikudziwa kuti khonsolo ili ndi imodzi yokha ndipo ndi yotanganidwa. Ndikungopempha kuti pa ndandanda wa maulendo ake muikepo khomo lathu Lachinayi likudzali, 7 koloko m'mawa, kenako idzatidzerenso cha m'ma 11 pobwerera. Sitiichedwetsa. Madzi sindidzakatenganso. Wojambula abwere ndithu, ulendo uno ndidzayesetsa kumwetulira.

Koma ngati silabuyo ili kale ndi pulogalamu ina, musavutike. Tsukitsani chithunzi chathu chija, chikhale chachikulu ngati chitseko, mudzachiyale pa ngalandepo. Pa tsamba lanu chakhala chikunyamula amayi, chikuku ndi bambo wa suti kwa masabata atatu osathyoka, ndiye n'cholimba. Chokhacho, poti ife tinaleredwa kuti akuluakulu azitsogola, mudzayambe ndinu kuwolokapo, bwana. Ife tidzaima kumbali n'kumakuuzani kuti maganizo anu ndi ofunika kwa ife.

Suti yanu ndidzachapa ndi kusita ndekha. Mizere ndimaiwongola bwino.

Ine wanu wotsikitsitsa,

Wa diresi ya madontho,
wachitatu kuchokera kumanzere pa chithunzi chanu,
uja wayang'ana pansi, akuwerenga mapazi a nkhuku.