Sabata yomwe ndinatseka Kapitawo pakamwa

Lolemba
Iwe amene watola kope langali, tandiyankha: munthu wodziphunzitsa yekha n'kudzudzulidwa ndi chida chopanda lilime? A Nachisale, eni hositelo ku Chirunga, akufuna webusaiti yoti ophunzira azisungitsirapo bedi, ithe Lachisanu. Ikakanika, ntchito apatsa ana a payunivesite. Mwana wawo Tadala, mmodzi wa ana a payunivesitewo, wandiikira pakompyuta chida chofufuza zolakwika m'mizere ya pulogalamu isanayambe kugwira ntchito. Ndachitcha Kapitawo.

Lachiwiri
Kapitawo wadula mzere wofiira pansi pomwe ndinalemba if (otsala), kutanthauza "ngati mabedi otsala alipo". Akuti ndinene momveka: otsala angati? Ine! Ine amene ndinauza mkulu wa mpingo pamaso kuti ulaliki wake watalika! Mabedi otsala akakhalapo, landira munthu. Chosamveka n'chiyani?

Lachitatu
Madandaulo ake lero:
mzere uja,
mzere womwe uja,
dzina lomwe ndinalemba osaligwiritsa ntchito (ili lokha ndavomera).
Tadala akuti, "Ankolo, ingolembani otsala > 0, ndiye kuti otsala apose ziro." Ndamufunsa ngati anabadwa atanyamula kompyuta.

Lachinayi
Ndakwera phiri kukapoza mtima. Nkhungu yokhayokha. Ndatsika ndi nzeru: ndamutseka pakamwa Kapitawo. Zofiira zonse zii. Mtendere!

Lachisanu
Webusaiti yayamba. Mabedi onse apita dzuwa lisanapendeke. A Nachisale akuti, "Achimwene, mutu muli nawo." Ndalemba pano kuti zisaiwalike. Anthu akusungitsabe. Kaya, mwina angoikonda.

Loweruka
Pachipata pa hositelo posaponda: matiresi, zikwama, mbaula, mayi wina wochokera ku Malosa atagwira mwana wake padzanja. Aliyense akuonetsa foni: "Bedi lanu lasungidwa." Mabedi atatha, nambala ya otsala ija inafika ngati mawu osati nambala, "0", ndipo kwa kompyuta mawu alionse olembedwa ndi inde basi. A Nachisale sakukalipa ayi. Angoti, "Anthuwa munawalandira ndinu. Kwanu ku Masongola malo alipo eti?"

Lamulungu
Ndalemba otsala > 0. Ndamutsegula pakamwa Kapitawo, alibenso nane mawu, ngakhale pepani. Ntchito yapita kwa Tadala ndi anzake. Pabalaza panga pagona ophunzira atatu, wina wapita kutchalitchi ndi nsapato zanga. Ndavomera, n'tani. Koma a Nachisale abwere adzatenge anthu awo, ndipo amene anapanga Kapitawo amuphunzitse kukuwa. Nkhani ya pogona anthu si yonong'ona ndi kamzere kofiira!