Amayi Othira Soda M'nkhama mwa Ndaziona

Anzanga, imikani kaye njingazo, makasitomala sathawa. Usiku wapitawu ndinalota zinthu zoti ndikapanda kuuza munthu ndidwala nazo. Koma ndiyambe ndi za masana, mungandiyese wamisala.

Mwana wanga Ndaziona, uja sanayambe n'kukwawa komwe, wakhala akutsegula m'mimba. Apongozi anga atamusuzumira m'kamwa anaona totupa toyera m'nkhama, basi n'kugamula kuti ndi mano a pulasitiki, achotsedwe msanga. Kuseri kwa msika kuli bambo wina amene amawakolokosa ndi sipoko ya njinga. Uthenga unandipeza kudzera mwa mayi a Ndaziona, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, woti m'mawa ndiwanyamule apongoziwo ndi mwana pa njinga yanga kupita kwa bamboyo. Ndinavomera mtima ukukana. Mkamwini wokhala pamudzi pa eni amameza zambiri.

Ndiye ndinalota ndikupalasa, kumbuyo nditanyamula sipoko imodzi yokha, itakhala mwaulemu ngati kasitomala, ikundiuza kuti ndifulumire. Ndinaifunsa ngati sichita manyazi kusiya gudumu n'kumakalowa m'kamwa mwa ana. Inati masiku ano ntchito sasankha. Mwadzidzidzi msewu unafewa, unafiira, unanyowa, ndipo ponseponse panamveka fungo la mkaka. Ndinazindikira kuti ndikupalasa pa lilime la mwana wanga, ndiye ndinatsika n'kuyamba kuikankha njingayo pang'onopang'ono, kuopa kumupweteka.

Polowera m'nkhama panaima bwana wa kukhonsolo, tayi ili pakhosi. Anandiuza kuti nyumba zonse za m'katimo zinamangidwa popanda chilolezo, kukacha zigwetsedwa. Akulankhula choncho maso ake ankachepa, mphuno ikutalika, zala zikumera zikhadabo, mpaka anasanduka mfuko, koma tayi sanavule. Sipoko ija inadumpha pa njinga osanditsanzika n'komwe, n'kukaima pambali pake ngati msilikali.

Ndiye ndinalowa. M'katimo munali mowala bwino, ndipo timisiri ting'onoting'ono tinkasanja timiyala toyera kumanga makoma. Vuto linali limodzi. Mwala uliwonse ukakhazikika, pansi pake pankachucha madzi owawasa kuposa bwemba, ndipo pamene adontha khoma linkayamba kufumbutuka. Pakati pa amisiriwo pankathamanga amayi atamanga zitenje m'chiuno, manja awo osaoneka ndi liwiro, akuthira china chake pa madziwo. Mmodzi anandiuza kuti onsewo dzina lawo ndi limodzi, Kaboniki Anihaidirezi. Dzinalo ndinalizindikira. Ndi lija ankaloweza mokweza mtsikana wina wophunzira za mano, tsiku limene ndinamunyamula akukalemba mayeso, mpaka linandikhala m'mutu ngati nyimbo.

Ndinawafunsa chimene akuthira. Anandiyankha manja osaima.

"Soda, bambo a Ndaziona, yemweyo wa therere. Mpweya wotha ntchito wa m'thupi mwa mwanayu ife sititaya. Timausakaniza ndi madzi, pamatuluka soda, ndiye timapha nako kuwawasaku. Tikangopuma, dzino lidzatuluka lofumbutuka ngati choko."

Ndinawafunsa amene amawalipira. Anaseka onse pamodzi, n'kunena kuti anayamba ntchitoyi mwana ali m'mimba ndipo palibe anabwerapo kudzawapatsa ngakhale moni. Ndinagwada n'kuwaombera m'manja. Manyazi anandigwira, poganiza kuti pamene ine ndimagona tulo, pali anthu amene samulekerera mwana wanga.

Mwadzidzidzi kanyumba kamodzi kanandiitana. Kanali kadzino, kosatha kumanga, pamwamba pake pakadali pofewa. Kanati kamva zoti kakutchedwa pulasitiki, ndipo zakapweteka mtima kwambiri. Kanati sikanalodze munthu m'mimba, kakungodikira kuuma, ndipo kakulakalaka tsiku limene kadzalume mango oyamba. Kenako kanasendera pang'ono n'kundionetsa kena kochepetsetsa kali mtulo pansi pake.

"Uyu ndi mng'ono wanga. Ine ndidzaguluka Ndaziona akadzayamba sukulu, koma uyu ndi amene adzamwetulire naye pa ukwati wake. Akandikumba ine, amulasa ndi iyeyu."

Anzanga, ndinalira. Munthu wamkulu ndevu pepeya, kulirira dzino losaoneka n'komwe.

Ndiye denga linayamba kugwedezeka. Mfuko uja anali atayamba kukumba, sipoko ili kutsogolo, nsonga yake ya dzimbiri itatulukira pamwamba pathu. Timiyala tinayamba kugwa, madzi owawasa akusefukira, koma amayi aja sanathawe, anangowonjezera liwiro. Ine ndinafuna kukuwa, koma ndinapezeka nditagwada, nkhope nditayang'ana kumbali, monga ndimachitira apongozi akamadutsa. Khosi linakana kutembenuka. Mayi uja anandigwira paphewa ndi dzanja lake loyera soda.

"Ife tili ndi manja okha, bambo. Pakamwa muli napo ndinu."

Ndinatsegula pakamwa ndi mphamvu zanga zonse, koma m'malo mwa mawu munatuluka kulira kwa belu, ngirii, ngirii. Ndinadzidzimuka. Linali belu la njinga yangayi, mayi a Ndaziona ataitulutsa kale panja, akuliza kuti ndidzuke. Apongozi anali ataima pabwalo, mwana ali kumsana.

Ndinatuluka osasamba m'maso. Ndinagwada chapatali monga mwa mwambo, koma ulendo uno khosi linatembenuka.

"Amayi, njingayi ipita kuchipatala. Kuseri kwa msika mwana wanga sapita."

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, koyamba chikwatirire ine, kenako anamasula chitenje n'kupereka mwanayo kwa mayi ake. Mpaka pano sanalankhule, ndipo sindikudziwa ngati madzulo ndikapeza chakudya. Kuchipatala Ndaziona amupatsa madzi a thanzi, ati za m'mimbazo si za mano. Pobwerera ndinamupisa chala m'kamwa kuti ndimve totupa tija, ndipo Ndaziona anandiluma ndi nkhama zake zonse, osafuna kusiya.