Theka la Khofi kwa a Sheenappa

A Sheenappa sankagulitsa khofi kwa munthu wobwera yekha. Aliyense amene anaphunzirapo pa koleji yathu, kumtunda kwa mzinda wa Mangaluru, akudziwa zimenezi. Ukaitanitsa kapu imodzi pakazenera kawo, iwo ankathira khofiyo m'timakapu tiwiri tachitsulo, theka uku theka uku, kenako n'kukuyang'ana ngati wawabera nkhuku.

"Mnzako ali kuti?"

Ukati ulibe, ankasuzumira pabwalo n'kukusankhira. Ndipo asakunamizeni kuti ankasankha mwanzeru. Anamwetsapo pamodzi atsogoleri a magulu awiri a ophunzira amene dzulo lake anagendana ndi mipando. Analumikizapo mnyamata ndi mtsikana amene anali atangomukana m'mawa womwewo. Ngakhale mkulu wa koleji anagwa m'mbuna yomweyi: anabwera yekha, taye pakhosi, n'kupezeka akumwa chiimirire ndi mayi wosesa m'makalasi.

"Sheenappa, ine ndine mkulu pano."

"Ndiye mukufuna theka lalikulu, bwana? Linatha."

Ena ankati ndi misala. Ena ankati mkuluyu anagula timakapu tating'ono mwangozi, ndiye akubisa manyazi. Eni ake ankangopukuta manja pansalu ya paphewa n'kunena kuti, "Khofi wodzadza amazizira usanamalize. Watheka amatha nkhani isanathe, ndiye mawa umabweranso."

Velita anafika pakolejipo mvula ili pakati. Anabadwira konkuno koma anakulira ku Kuwait, kumene bambo ake ankagwira ntchito, ndipo Chikannada chake, chilankhulo cha kuno, chinkatsimphina miyendo yonse. Akatsegula pakamwa m'kalasi, akumbuyo ankalira ngati ndege ikunyamuka. Masana ankakadyera kuseri kwa laibulale, tomvera nyimbo tili m'makutu, nyimbo mulibe. Bambo ake anali atamuuza pafoni kuti zikakanika, akwere ndege patchuthi cha chikondwerero cha Dasara, asabwererenso. Sutikesi inali kale kunsi kwa bedi, yomangamanga.

Tsiku lina, atanyowa mpaka m'mafupa, anaima pakazenera paja.

"Khofi, amalume. Wodzadza."

"Mnzako ali kuti, mwanawe?"

"Ndilibe. Ndipo sindikhalitsa pano."

"Ndiye theka likukwana." Anatulutsa mutu panja. "Iwe wa ambulera yothyoka! Usayang'ane kumbuyo, ndikunena iwe!"

Anali Sumangala, mtsikana wa ku Bidar, dera louma la kumpoto. Iyenso ankamuseka kalankhulidwe, koma iye akasekedwa ankabweza. Anamwa osayang'anana. Kenako Sumangala anati, "Ndiwe wa ku Kuwait uja? Akuti kwanu ngakhale mphaka amagona m'chipinda chozizira."

"Akuti kwanu mvula mumaionera pakanema."

Velita anasiya kapu n'kuchoka. Ali panjira m'pamene anazindikira kuti wayankha m'Chikannada osapunthwa.

M'mawa mwake anabwera nthawi ina, kuti asakumane ndi Sumangala. A Sheenappa anathira timakapu tiwiri n'kutiphimba ndi dzanja. "Mwini theka linalo sanafike. Dikira." Tsiku lina Velita ananama kuti ali ndi mnzake watsopano, wangopita kuchimbudzi. "Tidikira," anatero mkuluyo, ndipo anadikiradi, mpaka Sumangala anatulukira ndi ambulera yake ija.

Choncho atsikana awiriwa anakangana teremu yonse: za tsabola, za aphunzitsi, za amene amapha chilankhulo koposa mnzake. Khofi ankatha mkangano uli pakatikati.

Dasara itakwana, Velita anakoka sutikesi yake kudzatsanzika. A Sheenappa sanamunyengerere. Anathira timakapu tiwiri monga mwa masiku onse, kena n'kupatsa Sumangala.

"Uyende bwino, mwanawe. Uyu usamudandaule, ndamupezera kale wina. Dayananda."

Dayananda anali mnyamata wodziwa nkhani imodzi yokha padziko lapansi: njoka imene anaipeza m'nsapato ali mwana, yomwe inkatalika nthawi iliyonse akaifotokoza.

Sumangala anaika kapu pansi. "Ukandisiya ndi wa njokayo, ndikulondola ku Kuwait wapansi, ndikakutukwanire pamaso pa bambo ako."

"Ndege yanga ndi mawa."

"Basi ya kwathu ndi lero. Amayi aphika kale za anthu awiri, ndinawauza kuti ndikubwera ndi chitsiru." Anagwira chogwirira cha sutikesi. Velita anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana a Sheenappa, amene anali otanganidwa kwambiri kutsuka kapu yoyera kale. Sanalande sutikesiyo. Tchuthi anakathera ku Bidar, ndipo teremu yotsatira anabwerera limodzi, akukangana za amene anasanza m'basi.

A Sheenappa anamwalira chaka chatha ndi matenda a mtima. Velita anali atamaliza maphunziro kalekale, atayendayenda m'mayiko atatu osapeza pokhazikika, ndipo uthenga unamupeza atangobwerera. Pamaliro akazi awo anaulula zimene zinaseketsa anthu misozi ili m'maso: mkuluyu khofi sankamumwa n'komwe, ankamutentha pamtima. Zaka zonsezo ankangomwa madzi ofunda, yekha, anthu onse atalowa m'kalasi. Apo kuseka kunachepa. Palibe mmodzi wa ife amene anawafunsapo kuti, nanga inu, mnzanu ali kuti?

Kazenera kaja anakatseka ndi njerwa. Pambali pake pali makina amene amakupatsa kapu yapepala yodzadza mpaka m'milomo, osakufunsa kanthu. Velita anapitako sabata yatha. Pabwalo panali anthu ambiri kuposa kale, aliyense ndi kapu yake ndi foni yake, chete ngati pa mayeso. Anagula khofi, ndipo anazizira asanafike pakati.

Pakhoma la laibulale panakhala mtsikana wina yekha, tomvera nyimbo m'makutu. Velita anatola kapu yopanda kanthu pamakinawo, anagula khofi wina wotentha, n'kuthira theka uku theka uku. Anapita kukaima patsogolo pake.

"Mnzako ali kuti?"

Mtsikanayo anamuyang'ana ngati wamisala. Koma kapu anailandira.