Mpikisano wa Malaputopu pa Khonde la Apongozi

Musandifunse za ukwati wa mlamu wanga Mabvuto. Anthu amati unali wabwino, vidiyo yake yokongola, ine ndimangoti eya, n'kusintha nkhani. Koma poti inu simundidziwa nkhope, lekani ndikuuzeni mmene ndinadzikumbira dzenje ndi manja angawa.

Kubanja la akazi anga, munthu wa makompyuta ndinali ine. Osati kuti ndinaphunzira, ayi (ntchito yanga n'kugulitsa matayala), koma ndinali woyamba kugula laputopu. Kukakhala ubatizo kaya ukwati, zithunzi zonse zinkabwera kwathu ku Kabwata, ine n'kuzilumikiza, n'kuikapo kanyimbo, n'kukaonetsa pakhoma paphwando. Apongozi anga aamuna, mdala wa ku Chipata amene sayamikira chisawawa, ankandisungira mpando pafupi ndi iwo. Ulemu umenewo ndinkaukonda kuposa mmene ndingavomerere pagulu.

Ndiye kunabwera Chanda, mnyamata wa ku Kitwe amene anakwatira mng'ono wa akazi anga. Amakhala ku Kabulonga kwa anthu olemera kuja (m'kanyumba kakuseri, koma Kabulonga ndi Kabulonga basi). Vuto la Chanda n'lakuti alibe vuto. Amagwada popereka moni, amanyamula ana a eni, amaseka ndi aliyense. Munthu wotere ungadane naye bwanji? Ine ndinayesetsa ndithu.

Pamsonkhano wokonzekera ukwati wa Mabvuto, kwa apongozi ku Chelstone, Chanda anatulutsa kalaputopu kopyapyala konyezimira. Kungokatsegula, kayaka. Yanga pambalipo inali ikadadzuka, fani ikulira ngati chigayo.

"Kansi ziliko zosalira?" anafunsa apongozi, maso ali pa ka Chanda.

Anthu anaseka. Amake Tiya, akazi anga enieni, anaseka nawo. Kenako mdala anati za vidiyo ya ukwati tidzaona sabata yamawa kuti apange ndani. Tidzaona! Ntchito yanga ya zaka zonsezi yasanduka ya tidzaona. Nsanje inandilowa pomwepo.

Potuluka ndinamukokera pambali, ndikudzisekerera ngati sindikusamala, n'kumupatsa moni wa kwawo. "Shani, Ba Chanda? Aka kamakina kathamanga na chani?"

Anayankha zambiri, za purosesa yatsopano (ubongo wa kompyuta) ndi zina, koma khutu langa linatola chimodzi chokha: RAM yake, kathabwa kaja kamene kompyuta imasungirapo zimene ikugwira panthawiyo, inali ya liwiro la 3200. Nditafika kunyumba ndinamasula yanga kumimba n'kuwerenga pakapepala: 2133. Ndinati ehee, matenda ndawapeza.

Lolemba ndinali kale m'tauni, m'kashopu kena ka zamakompyuta. Mayi wogulitsa anandifunsa, "Laputopu yanu ni ya chaka bwanji, boss? Mwabwela nayo?"

Nditchule zaka za nkhalamba yanga pamaso pa anthu? "Imwe nipaseni chabe ya 3200," ndinatero. Anakweza mapewa n'kundipatsa. Kukula kwake kunali kofanana ndi yakale ija, nambala yokha ya liwiro ndiyo inasiyana, ndipo nambalayo ndi imene ndinkafuna.

Laputopu yanga ili ndi malo amodzi okha a RAM, choncho ndinazula yakale n'kuikulunga m'kapepala, n'kulowetsa yatsopano. Inalowa bwinobwino, tswii. Nditayatsa, ndikulumbira, ndinaona ikuuluka.

"Amake Tiya, tabwerani mudzaone zodabwitsa!"

Anabwera akupukuta manja, anayang'ana, anadikira. "Atate ake Tiya, ine ndikuona chimodzimodzi."

Ndinawauza kuti zinthu zimenezi zimafuna diso lozolowera.

Munthu wanzeru akanayesa kaye payekha kunyumba. Ine Lamlungu titangokhala pakhonde ku Chelstone, ndinadzuka pamaso pa banja lonse n'kunena kuti tisavutike kukambirana, makina adzilankhulire okha. Tiike kavidiyo kamodzi ka chilanga mulilo cha Mabvuto (mwambo uja akuchikazi amabweretsera mkwati zakudya ukwati usanachitike) m'malaputopu onse awiri, imene iyambe kumaliza kukonza, mwini wake atenge ntchito. Chanda anayesa kukana, akuti tingogwirira limodzi. Ine ndinati mantha amenewo (Mulungu andikhululukire, ndinatsinzinira ngakhale diso).

Tinadina limodzi. Kamzere koonetsa pamene ntchito yafika ka Chanda kananyamuka ulendo. Kanga kanasuntha pang'ono, n'kuima kuganiza. Ndinati ikutenthetsa kaye thupi. Ya Chanda inamaliza, iye anadzuka kukathandiza kunyamula mipando, anabwerako, anasambitsa apongozi m'manja. Yanga ili pakati sipanafike, fani ikubuma, thukuta lili kamukamu pamphumi panga.

"Koma na yanga ili na 3200!" ndinakuwa, mawu atatuluka opyapyala ngati a mwana. "Nagula Monday!"

Chanda anabwera n'kugwada pambali panga. Akanandiseka bwenzi zili bwino, koma anali ndi nkhope yachisoni. Anadina mabatani, patuluka tsamba loonetsa zam'kati, n'kuloza ndi chala. Liwiro la RAM: 2133.

"Bashi Tiya, sibanakunameni, RAM ni yabwino," anatero motsitsa mawu (Bashi Tiya ndiye atate ake Tiya m'chilankhulo cha kwawo), koma khonde lonse linamva. "Manje purosesa yanu ili na malire yake. Njila yamene ikambilamo na RAM ipelela pa 2133. Mukaika yothamanga, izibweza yeka kuti ziyendele pamozi. Ni monga motoka ya new mu jam ya pa Great East Road, iyenda na liwilo la minibasi ili kusogolo."

Ndiye kuti sabata yonse ija ndinkaona kuuluka, laputopu inkayenda mmene yakhala ikuyendera kuyambira kale. Ndinayang'ana kwa amake Tiya. Anali atatembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka.

Apongozi anatsokomola. Mdala ameneyu za makompyuta sadziwa, koma milandu amaitha.

"Ndamva bwino kapena? Kachitsulo kamene mwagulako, mwanumo kakungogona?"

"Eya, atate," ndinayankha.

"Nanga mwa a Chandamu kangathamange?"

Chanda anazengereza, kenako anavomera kuti yake ili ndi malo ena opanda kanthu, ndipo kakalowamo ingapepukirenso.

"Basi nkhani yatha," anatero mdala. "Ukwati ndi umodzi, banja ndi limodzi. Atate ake Tiya, apatseni anzanu kachitsuloko."

Inu amene munakwatira kum'mawa ku Chipata mukudziwa, mpongozi akagamula pakhonde pake, mkamwini sanena kuti koma. Choipitsitsa, sikuludiraiva inali m'thumba langa lomwe (ndinaitenga kuti ndikapambana ndiwatsegulire aone chinsinsi). Ndinamasula ndekha, ndinazula ndekha, ndinapereka ndi manja awiri, ndipo anthu anaomba m'manja kuyamikira mtima wanga wopatsa. Chanda atayatsa yake, nambala inatuluka yonse, 3200, ikundiyang'ana.

Kunyumba ndinafunyulula yakale ija n'kuibwezera m'malo mwake. Laputopu sinazindikire n'komwe kuti panachitika kanthu.

Paukwati, vidiyo inayenda bwino moti azakhali ena analira. Chanda anakhala kutsogolo pafupi ndi apongozi. Ine anandipatsa udindo wogwirizira pulagi ya pulojekita pakhoma, chifukwa soketi ya muholoyo inali yogwedera. Vidiyo yonse ndinaionera chammbali, nditanyonyomala.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira ndithu, kuti usanagule RAM uyambe wafunsa purosesa yako kuti imafika pati. Za nsanje zokha ndiye ayi. Chanda, mwa ulemu wake uja, tikakumana paliponse amandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena mokweza kuti onse amve, "Bashi Tiya, ija RAM yanu isebenza bwino maningi, Mulungu akudaliseni."

Ine ndimayankha kuti ameni, uku ndikukukuta mano.