Boti la Anthu Awiri Basi

Lolemba

Ndaganiza, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Mu Malichi akubwerawa ukwati wathu ukwanitsa zaka makumi awiri. Ndikuwatenga a Nachisale kupita nawo kuzilumba zotentha, tikachite hayala boti la matanga sabata yathunthu. Ine ndi iwo basi!

Nzeruyi yandipeza kuntchito. Agogo achizungu amene ndimawasambitsa ku Erdington, kuno ku Birmingham, ali ndi kalendala yakalekale pakhoma: boti loyera, madzi obiriwira ngati sopo wotsukira mbale, munthu osaoneka ngakhale mmodzi. Ndawafunsa ngati foni imagwira kumeneko. Akuti, "Not a single bar, son." Mtima wanga wangoti n'komweko.

Chifukwa chake boti, osati hotela:

- Panyanja palibe netiweki. Foni ya "ankolo, pali kavuto pang'ono" siingatipeze.
- Palibe wogogoda kuti "timangodutsa, tinati tikuoneni."
- Mlamu sangatulukire ndi sutikesi kuti "masabata awiri okha."
- Palibe rota ya mashifiti!

Zoona zake ndi izi. Ine ndimagwira masana, iwo amagwira usiku kuchipatala chachikulu cha ku Edgbaston. Tinakonza dala kuti ana asamakhale okha. Ndiye timakumana mphindi makumi awiri m'mawa, iwo akuvula nsapato ine ndikuvala zanga. Zotsala timalemberana pa kapepala ka pafiriji. "Mkaka watha." "Tadala akufuna nsapato za PE." Bedi ndi limodzi koma timagonapo mosinthana ngati alonda. Akazi anga ndawasowa, ndipo ali m'nyumba momwe muno.

Livu yanga ya Malichi ndapempha lero lomwe. Iwo asadziwe kanthu mpaka zonse zitapsa.

Lachiwiri

Funso la lero: liti?

Ndikuwerenga za nyengo m'basi, kunja kuli chisanu cha Novembala. Ku Caribbean akuti kuyambira Juni mpaka Novembala ndi nyengo ya anamondwe. Ndi nthawi yomweyo imene maboti amatsika mtengo. Nzosadabwitsa, ngakhale tomato wowola amatsika.

Cha m'ma Khirisimasi akuti mphepo imakula. Komanso namwino wopempha livu ya Khirisimasi amangomuyang'ana ngati wapenga.

Malichi akuti ndi wabwino zedi. Ndakondwa mphindi ziwiri. Kenako ndaona kuti dziko lonse lapansi likudziwa kale kuti Malichi ndi wabwino. Anthu anagwiratu maboti chaka chatha! Anthu otani odziwa kumene adzakhale chaka chamawa?

Ku Seychelles akuti nyanja imadekha cha mu Epulo. Ife ukwati tinamanga mu Malichi osafunsira kwa mphepo.

Ndamufunsa Tadala mozungulira ngati angathe kuphikira mchimwene wake sabata imodzi ife titachokapo pa boti. Sanadzutse n'komwe mutu. "Dad, you can't even swim." Mwana wosapsatira mawu ngati mayi ake.

M'mawa uno ndatsala pang'ono kugwidwa. Ndili m'khitchini, mapu a mphepo ali pafoni, a Nachisale alowa jekete likadali m'thupi. "Bambo a Tadala, tikambirane pang'ono." Foni m'thumba! "Basi indisiya, mayi." Ndatuluka tiyi ali theka. Akukayikira kanthu, ndawaona nkhope.

Lachitatu

Funso la lero: kuti?

Ine ndimayesa zilumba zili ngati midzi, ukachoka apa ufika apo n'kupereka moni. Ayi ndithu. Kachilumba kalikonse ndi dziko palokha, kali ndi mbendera yake ndi bwana wake wodinda pasipoti. Zina ndi za Afalansa, ndipo pasipoti yathu ya ku Malawi ikufunika viza. Ndege zina zimadzera ku America, viza inanso. Munthu ungathe kuyendetsedwa ndi mphepo usiku, kukacha uli m'dziko limene alibe nawe pangano.

Ndiye ndati Seychelles. Kumeneko savuta ndi viza. Zithunzi zake, mayo ine! Miyala ikuluikulu, mchenga ngati ufa woyera.

Kenako ndaona njira ya ndege. Kudzera ku Addis Ababa.

Addis Ababa! Pamene Mmalawi aliyense wopita kumudzi amakhala pansi ndi zikwama zake kudikira ndege ya ku Lilongwe. Sipangalephere kupezeka wotidziwa. "Eee, a Nachisale, mukupita kumudzi?" Tidzayankha kuti chiyani? Kuti ayi, tikulambalala, tikukagona pamadzi? Pofika madzulo nkhani ili ku Dedza: mwana wanu wafika pa Africa pano, wadutsa pakhomo osalowa. Apongozi anga ndi munthu wabwino, koma izi sangazimeze. Inenso ndikanakhala iwo sindikanameza.

Zotsala pamndandanda:

- Caribbean, zilumba zosafuna viza zokha, tikapempha mphepo kuti izilemekeza malire.
- Seychelles, titavala zipewa ndi magalasi akuda pa Addis.

Pafiriji ndapeza alemba kuti, "Ndili nanu mawu." Ndalemba m'munsi mwake, "Mkaka ndagula." Ndine katswiri pobisa zinthu!

Lachinayi

Ndaimbira kampani ya maboti nthawi yopuma. Mayi wa mawu okoma wandifunsa za "sailing experience". Ndamuuza kuti ndinakwerapo pantoni ndili mwana.

Akuti popanda setifiketi sangandipatse boti ndekha. Ndiyenera kutenga kaputeni. Chabwino. Nanga kaputeniyo madzulo amapita kwawo? Ayi, amagona m'boti momwemo. Ndipo chakudya chake chili kwa ife.

Mlendo! Ndathawa alendo ku Birmingham kuti ndikachite kulemba ganyu mlendo pakati pa nyanja! A Nachisale ndikuwadziwa. Adzamuphikira katatu patsiku, kumupatsa madzi osamba m'manja, kumugawira nthuli yaikulu, kenako kumufunsa chifukwa chake sanakwatire. Pofika Lachitatu adzakhala akumuyeza BP. Khitchini yake ndayiona pachithunzi, munthu sangatembenukemo ndi mphika. Chimbudzi akuti n'chopopa ndi dzanja.

Komanso maboti otsala mu Malichi ndi akuluakulu okhaokha, a zipinda zinayi. Mayi uja akuti anthu ambiri amagawana ndi mabanja anzawo.

Mutu umodzi susenza denga. Ndaimbira a Mwale, mnzanga wa ku Zambia amene amagwira kuchipatala cha ku Walsgrave, timapemphera mpingo umodzi. Banja lawo ndi lofatsa. Anthu anayi ndi kaputeni, si zoipa kwenikweni. Ndawapempha katatu kuti asauze munthu. Akuti, "Mudala, ine ni manda. Vakamba iwe vasilira pano."

M'mawa a Nachisale anangokhala pampando osavula nsapato, kundiyang'ana. Ine ndinali kalikiliki kufunafuna makiyi amene anali m'thumba mwanga.

Lachisanu

Manda aja alankhula.

Podzuka ndapeza ndalowetsedwa m'gulu la pafoni. Dzina lake: "Ulendo wa Panyanja, Yehova Atsogole." Anthu makumi atatu ndi mmodzi. Komiti yasankhidwa kale!

- Wapampando: a Mwale.
- Mlembi: mayi Gondwe a ku Hanley.
- Wa mapemphero: alipo.
- Wa zakudya: alipo awiri, ndipo ayamba kale kukangana.
- Ine: wachiwiri kwa mlembi.

Wachiwiri kwa mlembi, pa ukwati wanga womwe!

Mayi Gondwe akufunsa ngati pa boti pali malo a mbaula ya makala, chifukwa "mbuzi ya pa gasi siikoma." Amayi a chigwirizano akufuna nsalu yofanana, ya nangula pakati. Abusa akuti pali anthu asanu odikira ubatizo, ndipo madzi ofunda ndi mwayi wochokera kumwamba. Wina akufunsa ngati kaputeni angalole kwaya kuyeserera pamwamba. Wina akuti ali pa ma night mpaka Epulo, tisunthe tsiku. Tisunthe tsiku la ukwati wanga!

Ndalemba mwaulemu kuti boti limagona anthu asanu ndi atatu basi. Andiyankha kuti, "Tidzapanikizana, si ife alendo. Ana agona pansi."

Walira mvula walira matope. Koma kuwakwiyira ndikulephera. Mayi wina wosamalira okalamba, wangofika chaka chatha, walemba kuti chibwerereni sanaonepo kalikonse kupatula basi, nyumba za makasitomala ndi tchalitchi. Akuti akuwerenga masiku. Tonsefe tatopa mofanana.

Madzulo ano ndaona kuti mlembi wawonjezera nambala ina m'gulu. Ya a Nachisale.

Loweruka

Sindikupita kuntchito lero. Palibe basi yondipulumutsa.

Alowa m'mawa, akhala pampando wa m'khitchini, foni ili m'manja. Ine ndakonzeka: ndiseke, ndipepese, ndiwaonetse zithunzi. Ndayamba kufotokoza za anamondwe, za viza, za kaputeni. Andisiya mpaka ndamaliza.

Kenako akuti, "Amayi anagwa Lolemba. Sitiroko. Mbali imodzi siikugwira, ndipo mawu sakutuluka bwino. Ndakhala ndikufuna kukuuzani sabata yonse."

Lolemba. Tsiku lomwe ine ndimasirira kalendala.

Akuti sanafune kundilembera pafiriji, pakati pa mkaka ndi nsapato za PE. Sanafunenso pafoni ndili kwa kasitomala. Amafuna andiuze titakhala pansi, tikuonana m'maso. Lachiwiri ndinathawira basi. Lachitatu ndinawayankha za mkaka. Lachinayi ndimafuna makiyi. Usiku akhala akutembenuza amayi a eni m'mabedi, awoawo ali ku Dedza akutembenuzidwa ndi mdzukulu.

Manyazi amene ndamva sindingawalembe bwino. Tili ndi mphindi makumi awiri zokha patsiku, ndipo ine ndazidya zonse pofunafuna sabata yoti ndidzakhale nawo.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndafunsa za livu yawo. Akuti yatsala masabata awiri, ndipo sakuyikhudza. Akuyisungira "zikadzachitika." Sanatchule liwulo, inenso sindinalitchule. Tonse kuno timatero, aliyense ali ndi masiku ake obisa odikira foni ya kumudzi. Timakafika anthu ataphimba kale kumaso, n'kumati tinayesetsa.

Ndati, "Mayi, pitani pano akadakuonani. Akagwire dzanja lanu ndi dzanja lomwe likugwiralo."

Akuti nanga ana? Nanga zikadzachitika pambuyo pake, masiku atatha? Ndati ana ndi anga. Zinazo tidzaona pomwepo, tidzagwada kwa mabwana. Alira. Inenso pang'ono, ndikunamizira anyezi amene panalibe.

Masana ndalembera bwana wanga kuti livu ya Malichi ija ayibweze, andipatse kumayambiriro kwa Disembala, ndidzakhale ndi ana. Wavomera msanga, akuti Malichi anthu amalimbirana.

Lamulungu

Boti kulibe. Seychelles kulibe. Caribbean akhale ndi mphepo zake.

Komiti ikupitirira popanda ife. Atamva za apongozi asintha dzina la gulu, tsopano ndi "Tipempherere Mayi Athu ku Dedza." Mayi Gondwe akuti azitenga ana Loweruka lililonse. A Mwale akuti adzaperekeza a Nachisale ku bwalo la ndege, ndipo apepesa: "Mudala, n'nauzako chabe madamu." Za ulendo agwirizana kuti kukatentha adzachita hayala basi yaikulu kupita kunyanja ya konkuno. Mbuzi ilipobe pa pulogalamu. Udindo wanga sanandichotse.

A Nachisale anyamuka pakatha masabata awiri. Pa tsiku la ukwati wathu mu Malichi ine ndidzakhala pa shifiti ya masana, iwo ya usiku. Ndayang'ana kale.

Kutchalitchi sitinapite. M'mawa ndakwera basi kukawachingamira pageti la chipatala. Chiyambireni ntchito kumeneko sindinapangepo zimenezi. Atandiona aima, akuti, "Kwagwanji?" Ndati palibe, ndabwera kudzakutengani. Andiyang'ana ngati ndawalankhula Chifalansa.

Pobwerera takwera basi yosanjikiza, takhala pamwamba, mpando wakutsogolo. Mvula ikuwaza pagalasi. Ayamba kukamba za amayi awo: mmene anawaperekezera wapansi kupita kusukulu ya ukachenjede wa unamwino tsiku loyamba atasenza thumba la mbatata, mmene amakanira mankhwala pokhapokha awauze ndi "anamwino anga a ku Ingalande." Ine kumvetsera. Mawu awo akakhala sakuthamangira kokagona ndi ena ndithu, ndinali nditawaiwala.

Kenako akuti, "Tandionetsani botilo."

Ndawapatsa foni. Aliyang'ana nthawi yaitali, akulikulitsa ndi zala, matanga, kachipinda, madzi aja.

"Ine m'basi momwe muno ndimachita nseru, inu mumati ndikatani pamenepa?" Aseka. Kenako mwakachetechete, "Koma n'lokongola, bambo a Tadala. Munasankha bwino."

Andibwezera foni, atsamira paphewa langa. Pofika pa mphambano yachiwiri ali m'tulo, chikwama chili pamiyendo, baji ya kuntchito ikadali pachifuwa.

Siteji yathu ndi iyo, ikudutsa. Belu loimitsira basi sindikuliza.