Chiwindi cha mbuzi m'kachasu

Ndinali pakati pofutsa usipa, utsi uli m'maso, thukuta lili kamukamu, pamene mnzanga wa kusukulu ya kwacha anandinong'oneza kuti madzi a masamba a nimu amateteza chiwindi. Ine khutu tcheru! Paja amuna anga, bambo a Limbani, akangotsika m'bwato ankathamangira kachasu, maso atayamba kale chikasu. Za chipatala ankakana kwamtuwagalu.

Kudikira sindikudziwa ine. Ndinati ndiyese ndekha, adzionere ndi maso. Ndinagula chiwindi cha mbuzi kwa Che Yusufu, ogulitsa nyama, n'kuchidula pawiri, kuti china ndinyike m'kachasu yekha, china m'kachasu wothira nimu, tione choyamba kuwonongeka.

Nanga kachasuyo akagule ndani? Ine ndemwe, wotsogolera nyimbo kutchalitchi, botolo kunsi kwa chitenje! Potuluka kogula kachasuko, ndi awa akazi a akatekisiti.

"Mayi a Limbani, nanunso mwayamba?"

Mukanakhala inu mukanayankha chiyani?

Ndinanyika, n'kuvundikira mbale zanga, liwiro la kusukulu. Pobwerako, fungo la nyama pakhomo ponse. Bambo akazinga zonse ziwiri, akunyambita zala.

"Ichi cha kachasu chafewa bwino zedi," akutero, "koma chinachi ngakhale galu wachikana."

Mtima unandipsa. "Kuwawako ndiye mankhwalawo! Taonani!" Ndinanyamula mbale ya nimu ija, madzi onse gubudu, osapumira. Ndinali nditaiwala, abale, kuti theka lake ndi kachasu, wosakanikirana ndi magazi a mbuzi.

Akuti ndinaimba nyimbo za maliro pakati pa mathandala a usipa, ndikulalikira akhwangwala kuti alape. Kenako kusanza kosalekeza. Bambo aja mantha, anandikweza pa kabaza mpaka kuchipatala, kumene ankakana kuja.

Anamwino anandikalipira mokwanira, kuti mankhwala sayesedwa m'mbale ya ndiwo. Atatembenuka anayang'anitsitsa maso a amuna anga.

"Inu bambo, takhalani apa. Wodwala weniweni ndinu."

Pano ali pa mankhwala, mowa anasiya, maso akuyera, ndipo mtima wanga uli m'malo. Koma mtengo wake ndalipira ndine. Mudzi wonse ukuwayamikira kuti ndi mwamuna wopirira, amene anasiya mowa kuti apereke chitsanzo kwa mkazi wake chidakwa. Iwo satsutsa, amangogwedeza mutu mwachisoni.

Zoyesa mankhwala ndasiyira a makoti oyera. Ine wanga ndi usipa basi.