Nsapato za Mfumu Mpondaonse

Kuseri kwa mapiri, kumene ngakhale basi yatsopano imafika ikutsokomola, kuli dziko lotchedwa Weramani. Musandifunse njira, abale anga, mwina ena mungapeze kuti mchombo wanu unakwiriridwa komweko. Mwini dzikolo anali Wolemekezeka, Mkango wa Mikango, Mfumu Mpondaonse, amene lamulo lake loyamba linali lakuti iye akamadutsa, aliyense azyolike, maso pansi. Ana anabadwa mpaka kumera imvi osadziwa ngati mfumu yawo ili ndi ndevu kapena dazi. Chimene ankachidziwa ndi nsapato zake: zofiira psu, zachikopa cha ng'ona, zosongoka ngati mlomo wa kakowa, zolira kwee kwee ngati zikudandaula katundu.

Pakati pa mzinda panali msewu wa Tipezeko, kumene amayi ankagulitsa zitumbuwa, tomato ndi kaunjika. Mmodzi mwa iwo anali Nakhama, wogulitsa nsalu, mayi wa zidendene zong'aluka moti mukhoza kudzalamo nyemba. Chaka china anaperekeza mchemwali wake kuchipatala kutsidya kwa nyanja yamchere, kotulukira dzuwa. Pobwerako anapeza msewu uli mbee, mabenchi ataphwasulidwa, anzake akudyetsa ana madeya. Mfumu inali itamva kuti mayiko otchuka ali ndi akachisi a madenga agolide, ndiye inkamanga wake pomwepo, wopembedzeramo dzina lake. Kapitawo wa asilikali, Sayang'ana, anali atapatsidwa chikoti ndi lamulo lachiwiri: wopanda nsapato asaoneke pafupi.

Nakhama sanalire. Anayala chiguduli pachipata cha mfumu nakhala masiku asanu ndi anayi, dzuwa likumuwamba ngati mbewa, mpaka mfumu itamva kuti mayiyo akachisi akutsidya anawaona ndi maso ake, inamuitana.

"Mkango wa Mikango, inu amene mukatsokomola mitambo imabalalika," anatero Nakhama, akuyang'ana nsapato zija, "mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kumeneko ndinaona kachisi wa Ahindu wokhala ndi mafano mpaka kudenga, mabelu ali ngirii, lubani akutsamwitsa mphuno. Koma pakhomo pomwepo pali amayi otunga nkhata zamaluwa, wina akukazinga tizakudya tatsabola tomwe tinanditulutsa misozi, njinga zamoto zikuliza mahutala, ng'ombe ili gone pakati pa msewu, magalimoto akuilambalala mwaulemu ngati apongozi. Kwa Abuda ndinaona amuna ometa mpala, ovala nsalu zachikasu, akuyenda mamawa ndi mbale, ndipo owapatsa mpunga ndi amayi apamsewu omwewo. Kachisi ndi msika n'ngati mphika ndi mafuwa, mfumu. Bwezerani anthu anu msewu wawo."

"Mayi," inayankha mfumu, "sitinakuitaneni kuti mutiphunzitse za ng'ombe. Msewuwo muiwale. Tiuzeni chokha chimene mafumu akumeneko amachita polowa, pakuti ife sitingapambanidwe ndi munthu wobadwa kwa mkazi."

Apa Nakhama anakumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bodza sananame, ayi. "Amavula nsapato, mfumu, kuzisiya pamasitepe, n'kuzungulira kachisi katatu ndi mapazi apansi. Wamkulu ndi wamng'ono, onse chimodzimodzi. Koma inu musayese, n'zofuna mtima wolimba."

"Ife tizungulira kasanu ndi kawiri, ndiponso tokha!" inabangula mfumu. "Ndipo inu mukhala mlonda wa nsapato zathu, kuti mukauze akutsidyawo."

Tsiku lotsegulira kachisi linafika, mwezi wa Okutobala, nthaka ikutentha ngati chiwaya. Mtundu wonse unagwada, mphumi zili m'fumbi. Nsapato zinalira kwee kwee mpaka pamasitepe, n'kukhala chete. Mwini wake anatulukamo mwakachetechete nalowera kuseri, akudumphadumpha ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto, poti mapaziwo anali asanalaweko dothi chibadwire. Kuseriko n'kumene Sayang'ana ankalondera. Munthu wokhulupirika uja, maso pansi monga mwa lamulo, anangoona zala khumi zotuwa, zikhadabo zopindika ngati za kamba, zikubwera mopanda manyazi.

"Iwe wamandasi, wasochera?" Chikoti chinalira thyapu!

"Kapolo iwe, ndine mfumu yako! Dzutsa maso undione!"

"Ndidzutse maso kuti andidule khosi? Mfumu yanga ndimaidziwa, ndaitumikira zaka makumi atatu. Ndi yofiira, yosongoka, ndipo siyenda ndi zikhadabo zoterezi. Tiye!"

Anamuthamangitsa kudutsa pakati pa khamu, iye akukuwa mayina ake onse aulemu, koma amene anasuzumira anangoona mapazi a munthu wamba, nabwezera maso awo kumasitepe, kumene Wolemekezeka anali phee, akunyezimira padzuwa.

Pamenepo Nakhama anakwawa, naomba m'manja katatu pamaso pa nsapato zija, nakweza mawu kuti onse amve. "Mkango wa Mikango, akapolo anu tikupempha kubwerera mumsewu wa Tipezeko ndi malichero athu. Ngati mukukana, lirani kwee monga mwa masiku onse." Mtundu wonse unatchera khutu. Kunangomveka ntchentche. "Ndiponso chikoti chija chipachikidwe. Ngati mukukana, lirani." Zii. Nthungululu zinasweka, ndipo nduna zinagwedeza mitu n'kunena kuti mfumu sinayankhulepo mwanzeru chotere.

Lero mukapita ku Weramani mukapeza kachisi wazunguliridwa ndi mabenchi, mafuta akuthetheka, mbuzi ili gone pamasitepe. Nakhama amapukuta nsapato zija m'mawa uliwonse, n'kuziveka nkhata yamaluwa. Kumapeto kwa msewu kumakhala bambo wina wadazi, wopanda nsapato, amene amauza aliyense wodutsa kuti dzikoli ndi lake. Amayi amamupatsa chitumbuwa chotentha n'kumusendezera mpando.

"Khalani, achimwene, ndi lathu tonse," amatero Nakhama, akumuyang'ana m'maso. "Muno mfumu inaletsa kuthamangitsa anthu."